Pansi panga pang'ambika, pa alamu pakufunda

Pansi pa chipinda cha mwana wanga pang'ambika malo anayi. Amene anandiuza zochita ndi a sitolo ina ya zipangizo zomangira pa Dedza boma pano. Dzina lawo sinditchula lero. Akudzidziwa okha.

Mwana wanga Tadala ali ndi mphumu. Kuzizira kwa kuno mu Juni mukukudziwa. Mbaula m'chipinda mwake sitingaike, utsi umamubanikitsa. Ndiye ndinaganiza zoyala mapaipi pansi, dramu ya madzi ikhale panja, tizisonkhera zidutswa za paini zotsala kumacheka. Madzi otentha azizungulira m'mapaipi, pansi pazifunda, utsi uzithera panja. Ndinawerenga, ndinajambula, ndinakafotokozera alamu anga a Lifeyo, achimwene ake a mkazi wanga. Anaseka mpaka misozi. "Alamu, nyumba si ketulo," anatero. Mwezi usanathe, nawonso anayamba kuyala mapaipi kwawo.

Mapaipi anga ndinayala ndekha. Chinatsala n'chothira pamwamba. Lolemba m'mawa ndinafika pasitolopo pa kabaza, akungotsegula kumene. Funso langa linali limodzi. Ndinawerenga kuti njira zilipo zitatu: konkire wa timiyala ting'onoting'ono, simenti yosakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kapena ufa wa m'matumba umene ukauthira madzi umayenderera wokha n'kusalala. Pa mapaipi otentha, yabwino ndi iti?

Bambo wa pakauntala sanadzutse mutu pafoni. Anati ufa umenewo ku Dedza kulibe, ndi za mabwana a ku Lilongwe. Anati simenti ndi simenti basi. Nditafunsa kuti ndithire yokhuthala bwanji, anandionetsa zala ziwiri. Nditafunsa ngati ingaume bwino ndi chisanu chino, m'pamene anandiyang'ana koyamba.

"Si mwanena kuti muli ndi moto pansi, bambo? Yatsani! Anzanu amadikira dzuwa, inu dzuwa muli nalo m'dramu. Mawa lake mwana agona."

Ndinagula simenti, ndinathokoza. Loweruka ine ndi mkazi wanga tinasakaniza, tinathira, tinasalaza mpaka misana kuwawa. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinasonkha moto monga anandiuzira. Lolemba madzulo tikudya tinamva kuti thee! Kenako kawiri. Mng'alu wina unachoka pakhomo mpaka pawindo. M'makona simenti inatukuka. Ukagogoda pakulira ngati chitini chopanda kanthu. Pakhomo paipi ikuonekera. Ndipo ukapondapo pakutuluka fumbi loyera, m'chipinda cha mwana wa mphumu.

Tsopano mverani izi. Patapita mwezi ndi masabata angapo alamu anatiitana kwawo. Pakhomo anandiuza kuti ndivule nsapato, ndi masokosi omwe. Ndinaponda. Abale anga, pansi posalala ngati mbale, pofunda ngati msana wa mphaka. Kunja chifunga chakwirira phiri lonse, iwo ali mu malaya a manja aafupi, akumwa tiyi, akundiyang'ana kumapazi.

"Mwaiona ketulo, alamu?"

Iwo anathira ufa wa m'matumba uja. Ndinafunsa kuti ufawo anaugula kuti. Ku Lilongwe? Ayi. Pasitolo yomweyo. Sabata yomweyo imene ine ndinapita.

A Lifeyo amagulitsa matabwa, ndipo anafikapo pa galimoto yawo. Mwini sitolo anatuluka yekha mu ofesi kudzawalandira. Anawatengera kuseri, kumene matumba aja ali mulu. Anawauza kuti m'mbali mwa makoma ayale kansalu kofewa kuti pansi pakatentha papeze potambasukira. Anawauza kuti mapaipi akhale odzaza madzi ozizira pothira, kuti asaphwatalale. Anati pamwamba pa paipi pakhale masentimita osachepera atatu. Ndipo anawachenjeza kawiri kuti moto asayatse mpaka mwezi utatha, ndipo akadzayamba azidzaonjezera pang'onopang'ono. Anatumizanso wantchito wake kukaona ngati athira bwino. Kwaulere.

Nsanje? Inde, ndili nayo, ndipo sindibisa. Nzeru inali yanga. Wodwala ali kwanga. Koma malangizo anapita kwa munthu amene ankaseka, chifukwa anaimika galimoto pakhomo. Kodi simenti imadziwa kuti woigula anabwera pa kabaza? Kodi pansi pa munthu wa kabaza pamauma mwa mtundu wina?

Lachitatu ndinabwererako ndi chibenthu cha pansi panga m'jumbo. Ndinachiika pakauntala. Bambo uja anati sakundikumbuka. Nditamukumbutsa za dzuwa la m'dramu, anati iye ndi wogulitsa, si mmisiri, ndipo munthu wamkulu ngati ine sindikanayenera kumvera chilichonse. Ndinapempha kuonana ndi mwini wake. Anati atuluka. Galimoto yawo ili panja, mawu awo akumveka mu ofesi. Ndinakhala pa thumba la laimu mpaka anatuluka, nthawi ya nkhomaliro.

Anachitembenuza chibenthu chija, n'kupukusa mutu. Anati aliyense amadziwa kuti simenti yaiwisi siitenthedwa. Ndinati wantchito wanu sadziwa. Anati ndikanafunsa iwo. Ndikanawafunsa bwanji, poti kwa ife ena satuluka? Za matumba akuseri anati amasungira makasitomala awo. Ndiye ine ndinali chiyani pamenepo? Mlendo wodzaona malo?

Thandizo lawo ndi ili: ndikaphwanye ndekha, ndibwere ndidzagule ufa uja, andichotserako pang'ono pa mtengo. Ndiphwanya bwanji? Simentiyo yagwirana ndi mapaipi. Tchizulo ikangoterereka kamodzi, paipi yabooka, ntchito yonse yapita.

Panopa Tadala akugona kwa amalume ake. Madzulo aliwonse ndimamuperekeza, bulangete lake lili paphewa panga. Chifuwa chaleka kulira, zimenezo ndikuthokoza. Dzulo ndikutsanzika anandigwira dzanja n'kuti, "Adadi, bwanji tonse tingosamukira kuno?" Alamu anayankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Malo alipo, alamu. Mudzagona pansi, m'pofunda."

Inu amene mukufuna kuthira pansi pa mapaipi otere, musayatse moto msanga, ngakhale wogulitsa alumbire. Funsani za kukhuthala, funsani za m'mbali mwa makoma, ndipo akakuuzani kuti katundu kulibe, pemphani kuona kuseri.

Inu a sitolo, ndiyankheni poyera pompano. Malangizo olondola amayambira pa kasitomala wa msinkhu wanji? Wantchito wanu adzauzanso angati kuti ayatse moto? Tumizani munthu wanu yemwe uja munatumiza kwa alamu, adzachotse simentiyi osaboola paipi. Julaye akubwera ndi mphepo yake, ndipo ine ndikufuna mwana wanga azigona m'nyumba ya bambo ake.