Tsiku limene alendo anadya nandolo wa achemwali

Achemwali anga ankaphunzira sayansi ya zomera ku yunivesite. Chaka chawo chomaliza anapempha amayi kamunda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Mbulumbuzi, nadzalamo nandolo wa mitundu yosiyanasiyana, mtundu uliwonse mzere wake. Ankafuna kudziwa mtundu umene mbozi siziukonda. Pa mzere uliwonse anamangapo kansalu. Pobwerera kusukulu anatiuza kuti, "Chonde, pasapezeke wothyola ngakhale khoko limodzi mpaka aume, ndidzayeze pa sikelo."

Anthu ankaseka. Atsibweni athu, alongo awo a amayi, ndiwo ankatsogolera. "Yunivesite yonseyo kukaphunzira kulima nandolo? Ndiye kuti ine ndine pulofesa kale!"

Nandolo atakhwima, akadali wamuwisi, achemwali anaimba foni. Anali atasankhidwa kukapitiriza maphunziro kunja, zonse kuwalipirira. Chimene chinatsala n'kutumiza zotsatira za kafukufuku wa kamunda kaja. Popanda zimenezo, ulendo panalibe.

Nkhani inamveka mudzi wonse. Loweruka ndinapita kusukulu kukawerenga, poti mayeso a Fomu 3 anali pafupi. Pobwera ndinamva nthungululu ndili kumsewu. Pabwalo panali podzaza: amayi a kutchalitchi kwathu, aneba achisilamu, abale ochokera ku Nchema. Aliyense anali ndi mbale ya makata, nandolo wowiritsa ndi makoko ake. Kamwana kena kanali katavala kansalu kofiira kumutu.

Ndinathamangira kuseri. Mitengo inali mbee, nthambi zina zothyoka.

Kwathu mlendo wobwera kudzasangalala nanu sachoka m'kamwa mouma. Munda wathu waukulu uli kutali, ndiye atsibweni, poti ndiwo eni mbumba, analamula kuti athyole wapafupi. Amayi akuti anayesa kuyankhula, koma mlongo wako ungamutsutse pamaso pa alendo?

Ine ndinakuwa ndithu. "Atsibweni, mwadya sukulu ya achemwali!"

"Iwe, Fomu 3 yomweyi wayamba kukalipira akulu? Nandolo ndi nandolo. Mawa ndibweretsa dengu lathunthu la kumunda kwanga, ayeze mpaka manja atope."

Mayi wina anati, akutafuna, "Komatu wa kansalu kofiira uja ngwokoma. Muwauze alembe zimenezo." Bwalo lonse linafa nalo phwete.

Madzulo ake amene anagwada n'kupepesa ndi ine. Amayi anandigwira paphewa mpaka mawondo anga anafika pansi. Atsibweni anandikhululukira mokoma mtima kwambiri, mano ali ndi timakoko. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umanditentha. Anthu omwewo amene ankaseka nandolo wa achemwali ndi amene anabwera kudzavina, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti tinsaluto n'tachiyani.

Achemwali anatsika minibasi ya ku Limbe patapita masiku ochepa. Anayenda mzere ndi mzere m'kamunda kaja. Dengu la atsibweni linalidi pakhonde. Analiyang'ana, nati, "Zikomo atsibweni," n'kulowa m'nyumba. Zikomo ameneyo anandipweteka kuposa kugwada kuja.

Opereka mwayiwo anamvetsa pang'ono. Anati malo awasungira chaka chimodzi chokha, zotsatira zikapanda kufika apatsa wina. Anzawo amene anasankhidwa nawo anakwera ndege. Achemwali anatsala kudikira mvula, poti nandolo sathamangitsidwa.

Mvula itagwa tinadzalanso. Ine ndinadula minga n'kutchinga kamunda konse, manja onse mabala. Amayi nawo anakadzala nandolo wina kumaso kwa nyumba, wa alendo.

Atsibweni masiku ano akakhala pamsika amauza aliyense kuti mwana wa mlongo wawo ndi wasayansi, akupita kunja. Pano nandolo wayamba maluwa. Loweruka sindipitanso kukawerengera kusukulu. Ndimayala mkeka pakhomo la mpanda wa mingawo, buku la Bayoloje pamiyendo, ndipo wodutsa aliyense ndimamupatsa moni ndili pomwepo.