Mapiritsi a azakhali ndi nshawa za chaka chino

M'banja mwathu dokotala ndine. Chifukwa chake n'chakuti ndinakhalako ku koleji miyezi isanu ndi iwiri, kuphunzira zokonza magetsi. Pepala lililonse lachingerezi limabwera kwa ine.

Lachiwiri kunabwera azakhali a ku Chipangali, m'kamwa muli zilonda zokhazokha, ngakhale madzi akuwawawa. Ali ndi nyamakazi ija yotupitsa zala. Kuchipatala anawapatsa timapiritsi tachikasu tomwa kamodzi pa sabata, n'kuwauza kuti azibwera kudzayezetsa magazi.

Ndinagwedeza botolo la mapiritsiwo. Munalibe kanthu.

"Azakhali, a miyezi itatu aja ali kuti?"

"Ndinamwa. Kodi anandipatsa kuti ndiziwayang'ana?"

"Analemba kuti kamodzi pa sabata."

"Iwe, unaonapo mankhwala aulesi choncho? Nshawa zadzaza nkhokwe, zala zikukana kusenda. Ndinati agwire ntchito tsiku ndi tsiku ngati ine."

"Nanga zoyezetsa magazi?"

"Munthu ndikupeza bwino ndikatani kuchipatala? Ndikawapatse moni?"

Ndinakhala pansi. Ndatopa, abale.

Musawaseke, nonsenu ndinu azakhali anga. Kwa ife mankhwala ali ngati feteleza: ukathira wambiri, chimanga chikula msanga. Ndipo kuchipatala timapita pokhapokha thupi likakuwa. Chala chimakuwa. Bondo limakuwa. Koma chiwindi ndi chaulemu, chimawonongeka chili chete. N'chifukwa chake madokotala amafuna magazi a munthu amene akuyenda bwinobwino: kuti amve zomwe chiwindi, impso ndi magaziwo sizinena.

Akulu anati kuthamanga sikufika. Ife tinamva theka loyamba lokha.

Tinapita kuchipatala tsiku lomwelo, azakhali pa njinga ya hayala, ine pambuyo wapansi ngati wolondola ng'ombe. Dokotala weniweni, amene anamaliza sukulu, anatenga magazi, anawerenga zotsatira, n'kuvula magalasi. Anawagoneka masiku atatu. Mapiritsi aja anawaimitsa mpaka magazi abwerere m'malo. Kutanthauza kuti zala zitupanso, ndipo nshawa zidikira.

Potuluka ndinawalalikira bwino, ndi mawu onse a ku koleji amene ndikuwakumbukira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatambasula manja awo opindika aja pamaso panga.

"Wamaliza, mwana wa achimwene? Ndi manja awa ndinasenda nshawa zokutumiza ku koleji ija unathawa. Tsopano azisenda ndani?"

Loweruka ndikukwera basi ya ku Chipangali.

Nanga inu, amene mumadzudzula makolo kuti samvera dokotala, ntchito imene ikuwachititsa kusamverayo munayamba mwawalandirapo?