Chamba cha alamu, munda ndi wanga

"Inu alamu, mantha anuwa ndi amene akukusungani mu umphawi!"

Anandikalipira choncho a Barnaba, mchimwene wa mkazi wanga, Lachitatu lapitali. Tinali m'munda mwanga kumtunda kwa Meluluca. Ndinawabwereka chigawo kuti adzale chinangwa, ndipo anadzaladi. Koma pakati pa mizere ndinapeza chamba chofika m'chiuno.

Ndinawatukwana, sindibisa. Iwo osatekeseka. "Kutsidya ku Malawi analoleza. Simunawamve a deputadu, phungu wathu uja, pa kampanya? Anati kunonso lamulo lisintha."

Ndinawamva. Ndinawamvanso kale, asananenepe, akulumbira pamsonkhano kuti wodzala chamba aliyense akaolera ku kadeya, kundendetu. Mwezi watha pa wailesi ati chamba chikupengetsa ana athu. Pakamwa pamodzi, mawu atatu.

Mukuganiza kuti anaphunzira china chatsopano za mbewuyi? Ayi, amangoyang'ana amene wakhala kutsogolo kwawo. Pa kampanya anaona anyamata osowa ntchito, aliyense ndi voti yake. Pa wailesi anakumbukira amayi akutchalitchi ku Msumba, poti nawonso amavota. Mawa akabwera mwini kampani ndi chikwama, mudzamva kuti chamba ndi mankhwala.

Nanga kutsidyako analoleza ndani? Wokhala ndi chiphaso, osati mlamu wako wa khasu limodzi.

Chondisowetsa mtendere ndi ichi: a deputadu akatembenuza lilime, lamulo limakhala pomwe lija. Wapolisi akakwera phirili safunsa kuti anadzala ndani. Amafunsa kuti munda ngwa yani, ndipo mudzi wonse udzatchula dzina langa. Akanditsekera ku Lichinga, ukonde adzaponya ndani? Ana anga adzadya chiyani? A deputadu adzanditumizira ngakhale sopo?

Si alamu okhatu. Yendani m'mapirimu muone. Anthu akudzala mawu a pa kampanya, ndipo wodzakolola ndi wapolisi.

Mkazi wanga anandichonderera. "Asiyeni akolole kamodzi kokhaka, bambo a Rosa. Ndi mchimwene wanga." Ndinamufunsa ngati njira ya ku ndende akuidziwa, yokandipatsira chakudya. Anangolowa m'nyumba.

Kutacha ndinakwera ndekha ndi khasu, nkuzula chamba chonse. Kutentha ndinaopa, utsi wake umamveka mpaka kumsewu. Ndinakumba dzenje lakuya nkukwirira, pamwamba ndinadzalapo nthochi. Manja ndinawatikita ndi dothi kuti fungo lichoke, ndipo potsika ndinadzera kumanda, kumene sikudutsa anthu.