Makadi a Lukonde Anakana Nyumba ya Eni

Inu amene munaberedwapo thukuta lanu, imvani iyi. Ndinaitola m'minibasi ya ku Chelstone.

Lukonde, mtsikana wa ku Kaunda Square, analephera Giredi 12. Ankasesa m'kafe ya intaneti ku Kabwata, ndipo makasitomala akachepa ankadziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Anapanga imodzi yokonzera makadi oitanira anthu ku kicheni pate, phwando lolangizira mkwatibwi. Munthu ankangotsegula webusaiti yake, kusankha maluwa ndi mtundu wa chitenge, khadi n'kutuluka.

Tsiku lina anaipeza pa webusaiti ya eni, dzina lake atalifufuta. Analira mpaka maso kutupa.

Ankakayikira munthu mmodzi: a Abson, mwini shopu yosindikiza ku Woodlands, amene ankabwera pafupipafupi ndi mabanzi, maso ali pa kompyuta yake. Koma umboni analibe.

Sanasiye. Anailemba mwatsopano, yokongola kuposa yoyamba, n'kuiika loko. Ikamatseguka, inkayamba yayang'ana adiresi ya webusaiti pomwe ili. Ikapeza kuti si ya Lukonde, inkakana kugwira ntchito.

A Abson sanachedwe.

"Shani mwana wanga? Niikileko pulogalamu yanyowani pa fulashi iyi, niione chabe ku nyumba."

"Kuona chabe, ba Abson?"

"Iwe, nkhope yanga ni ya kawalala?"

Lukonde anayang'ana mabanzi aja, n'kuwaikira pulogalamuyo pa fulashi.

Loweruka lake, mayi Winifred a ku Kabulonga, amene amayendetsa makicheni pate ambiri, anapita ndi komiti yawo ku shopu ya a Abson kukaona "pulogalamu yawo yatsopano". A Abson anatsegula webusaiti yawo, n'kudina. Maluwa sanaoneke. Panangotuluka mawu akuti: "Pulogalamuyi ndi ya Lukonde. Pano si kwawo." Pansi pake panali nambala ya foni.

"Ni netiweki chabe, amai," anatero a Abson.

"Netiweki yanu ili na dzina la mkazi?" anatero mayi Winifred, akuimba kale nambalayo.

Lero makadi onse a mayi Winifred amatuluka pa webusaiti ya Lukonde, dzina lake lili pakona. Tsache analisiyira ena. Mabanzi amagula yekha.

Nanunso akakuberani ntchito, musataye mtima n'kupinda manja. Ipangeninso, koma ulendo uno muiphunzitse kudziwa kwawo.