Yankho la ku Lusaka Linafika Tsiku Loika Mlongo Wanga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti. Chisanu cha Juni chochokera kumtsinje chinkaluma. Panja amuna anali atazungulira chitsa chamoto, amayi a mpingo akutereka madzi a nshima. Linali tsiku loika mlongo wanga Yosefe, yemwe ankagwira ntchito kufakitale ya feteleza.

Azakhali athu anabwera kuchokera ku Katete ndi mkwiyo wawo. Sanamupatse ngakhale moni mkazi wa malemu, Mutinta, yemwe kwawo ndi ku Chanyanya. Ankanong'onezana ndi abale ena kuti munthu angathe bwanji magazi popanda bala. Lero amuthira botolo la magazi, sabata yamawa m'maso mwayeranso mbuu. Ati mkazi wa ku Chanyanyayu ndiye ankamuyamwa magazi Yosefe. Anapangana kuti tikachoka kumanda Mutinta alongedze, ana atsale.

Zinandiwawa, koma nanenso matenda ake sindinkawadziwa. Kuchipatala anayamba kuchiza malungo, kenako chifuwa chachikulu, kenako anatitumiza ku Lusaka. Kumeneko anamuboola fupa la m'chiuno kuti akayeze, n'kutiuza kuti tidikire chifukwa mankhwala oyezera anatha. Ife tinadikira miyezi iwiri. Yosefe sanathe kudikira.

Bokosi likukwezedwa mulole, foni yanga inalira. Anali dokotala wa ku Lusaka amene anamuyeza uja.

"Zotsatira zatuluka, bwerani naye wodwalayo Lolemba."

Ndinamuuza kuti wodwalayo ali m'bokosi. Kenako anandifotokozera zonse.

Kumanda kunali mphepo yafumbi, anthu ambirimbiri. Mbiri ya malemu ndinawerenga ndine. Nditafika pamene analemba kuti anadwala nthawi yaitali, ndinapinda pepalalo. Ndinati Yosefe wapita ndi khansa ya m'magazi, mafupa ake anasiya kupanga magazi abwino, wotsutsa abwere ndimupatse nambala ya dokotala. Ndinanenanso kuti Mutinta anapereka magazi ake kawiri, ife abale tikuti tatanganidwa. Azakhali anangowerama, ndipo zolongedza sizinamvekenso.

Madzulo nyumba inangoti zii. Ana atagona, Mutinta anadzakhala pafupi nane.

"Amulamu, ba dokotala anati matendawa sachizika, eti?"

Dokotala anali atandiuza kuti mtundu umenewu uli nawo mankhwala, ukadziwika msanga. Ndinayang'ana mkazi uja, maso atatupa, akudikira.

"Sachizika, mulamu," ndinatero, n'kudzuka kukatseka chitseko.