Kompyuta Itadzuka, Alamu Anabwera

Amuna anga anali ndi kashopu pa Golomoti, momwe ankaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Kompyuta yawo inali yakuda, yogula yathunthu m'katoni. Inafa tsiku la mvula yoyamba: magetsi anathima n'kubwereranso mwamphamvu, m'shopu monse fungo la pulasitiki yopsa. Iwo n'kuti atayamba kale kudwala, moti sanaikonzetse. Anamwalira chimanga chisanache.

Pogawa katundu, achibale awo anatenga njinga ndi matiresi. Alamu anga, mkulu wawo wa malemu, anaigogoda kompyuta ija ndi chala.

"Ichi n'chitsulo chabe, mlamu. Muzikhalapo ngati mpando."

Ndinaisunga kunsi kwa bedi mpaka nditakolola mpunga. Kenako ndinaikulunga m'chitenje, n'kuinyamula pamiyendo mu minibasi mpaka ku Salima. Mmisiri wake anali bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi waya. Atatsegula, anandionetsa chimbale chobiriwira chomwe nthambo zonse zimalumikizidwapo. Pakona pake panali pakuda ngati khala.

"Iyi ndi mazabodi, mayi, ndipo yapsa. Vuto lake, makompyuta ogula athunthu chonchi amakana mazabodi wamba."

Anayesa ina yomwe anali nayo kuti ndidzionere ndekha. Mabowo omangira sanagwirizane, pobayira nthambo ya magetsi naponso panali posiyana. Pankafunika ya mtundu womwewo basi.

Ndinagulitsa mbuzi yanga yabere. Ulendo wa ku Salima ndinauyenda mpaka makondakitala anandizolowera, yankho lili lomwelo: sinapezeke. Itapezeka ku Lilongwe kwa mnzawo wa mmisiri uja, yochotsa mu kompyuta ina yakale, ndinakhala pabenchi kuonerera akusamutsa tizipangizo kamodzikamodzi, akupaka kamankhwala kotuwa, akubwezera fani. Atadina batani, fani inazungulira, sikirini n'kuyaka. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa.

Mwana wanga wamkazi, yemwe anali kusekondale, anandiphunzitsa zomwe ankaonera kwa bambo ake. Ndinatsegulanso shopu. Anyamata a kabaza anayamba kubwera.

Mbiri inafika ku Mtakataka, komwe alamu ankakhala. Tsiku la msika alamu aja anatulukira pa njinga yamoto.

"Tamva kuti katundu wa m'bale wathu akugwira ntchito."

"Alamu, si munati n'chitsulo chabe? Zam'katimo ndagula ndine."

"Zam'kati ziti? Ife tikuona bokosi lomwe anagula mng'ono wanga. Ngati muli chanu m'menemo, chotsani."

Ankadziwa kuti sindingachotse, ndipo nditachotsa ndikadachita nacho chiyani? Anaimanga ndi malegeni kumbuyo kwa njinga, anthu a pamsika akuonerera. Nditakadandaula kwa apongozi anga, anangoyang'ana pansi.

"Musayambanitse banja, mwananga."

Patapita nthawi, mwana uja anakumbukira kuti mu kompyutamo munali zithunzi za bambo ake atamunyamula pa ubatizo wake ku Mua. Tinanyamuka limodzi kukapempha. Tinawapeza alamu pashopu yawo yatsopano, nyimbo zili pamwamba.

"Aa, zimenezo tinafufuta kalekale," anatero, maso ali pa foni ya kasitomala. "Zimadya malo a mafilimu."

Kuyambira pamenepo mwana wanga sanapondenso kwa abale a bambo ake. Alamu tikakumana pamaliro amandipatsa moni ndi manja awiri. Ndimayankha, chifukwa anthu amakhala akuyang'ana.