Chishango Ndinachivula Dala

Sabata ino ndachita manyazi, abale, moti ngakhale kulemba kumeneku kukundilemera.

Loweruka lililonse masana timasewera gemu ya pa intaneti, anthu asanu, aliyense pa foni yake. Timalimbana ndi zilombo. Atatu amabaya, mmodzi amachiritsa ovulala, ine ndimagwira chishango. Ntchito yanga ndi kuputa chilombo kuti chizimenya ine, anzanga chiziwasiya. Wochiritsa wathu ndi Mutinta, mtsikana wosoka zovala ku Malota, ndipo ndine ndinamubweretsa m'gululi.

Ndiye eni gemuyo anawonjezera mphamvu za malupanga. Mtima unandiyabwa. Nkhondo ikatha amatamidwa ndi obaya. Wachishango amamuona ndani? Ndinavula chishango, n'kutenga malupanga awiri, osauza munthu.

Chilombo sichinandiyang'ane n'komwe. Chinalunjika kwa Mutinta n'kumugwetsa, ndipo popanda wochiritsa tonse tinapululuka ngati nkhuku zachitopa.

Mtsogoleri wathu, Ba Mubita, anapsa mtima. “Iwe Mutinta, wenze kugona? Tizasakila wina!” Pomwepo anamuchotsa m'gulu. Ine? Duu! Bambo wandevu zanga, ndinamusiya asenze mlandu wanga.

Lolemba ndinakumana ndi Mutinta pokwerera minibasi za ku Dambwa. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma anandipatsa moni mwaulemu, kenako anafunsa motsitsa mawu: “Ba Phiri, chishango munasiya kuti?”

Kani ankadziwa! Wochiritsa amayang'anira moyo wa aliyense, ndiye anaona msanga kuti ine ndalowa m'nkhondo wopanda chishango.

“Nanga sunanene bwanji?” ndinatero.

“Nenze kulindila mukambe mweka. Si ndimwe bakulu?”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Tisanamizire gemu, khalidweli tili nalo ponseponse. Ku kwaya tonse tikufuna kuyambitsa nyimbo, besi aimbe ndani? Pamaliro olankhula amachita kulimbirana, koma okumba manda mumachita kuwapempha. Zikayenda bwino sitiwatchula. Zikasokonekera, chala chimathamangira kwa iwo omwewo, makamaka akakhala aang'ono oti sangatiyankhe. Eni gemu akhoza kukhala pansi n'kulinganiza mphamvu za lupanga ndi chishango mwezi uliwonse, koma njala yofuna kuoneka aichepetsa bwanji?

Lachiwiri ndinaulula zonse m'gulu. Ba Mubita anandikalipira, n'zoyenera, kenako anapepesa kwa Mutinta ndi kumupempha kuti abwerere. Ine mumtima ndinati basi, nkhani yatha, Loweruka tikhala asanu.

Yankho la Mutinta linafika madzulo, lopanda mwano ngakhale pang'ono: “Ba Mubita, nakhululuka. Koma wochiritsa amaimilila kumbuyo kwa wachishango. Kumbuyo kwa Ba Phiri siningaimilile futi.”